A Hirini Abwereka Makutu

Alamu anga a Hirini anafika kwanga Lachiwiri m'mawa, mvula ikuwaza, nandipempha batala. Majombo anavulira pakhomo, n'kulowa ndi masokosi onyowa. Galu wawo wakuda anatsala pakhonde.

"Mlamu, batala wosayamba muli naye? Wathunthu. Ndi kasikelo kanu ka masikono kaja."

Ndinawapatsa zonse ziwiri. Ine sindine wofunsafunsa, ndipo ngakhale ndikanafunsa sakanandimva. Mawu anga ndi apansipansi chibadwire, pomwe iwo khutu lakumanzere linafa kalekale, lakumanja nalo latsala pang'ono. Takhala pachilamu zaka makumi atatu, koma mawu amene tamvana bwinobwino sangadzaze tsamba limodzi. Mwamuna wanga Tipene, mng'ono wawo, ndiye ankatilumikiza: ine kunong'ona, iye kukuwa. Chimwalirireni Tipene zaka zinayi zapitazo, timangogwedezerana mitu.

Anabwerera ku galimoto natenga mfuti. Anaitsegula n'kundionetsa kuti mulibe chipolopolo, monga amachitira nthawi zonse polowa nayo m'nyumba ya munthu. Kenaka anayeza batala uja, theka la kilo ndendende, nam'manga ndi tepi yakuda kunsonga kwa mpope wa mfuti. Anatsegula chitseko chakumbuyo, naloza mzati wa mpanda, n'kuyamba kuwerenga mokweza. Asanafike pa khumi, nsonga ya mfuti inayamba kuvina. Anaitsitsa, nagwira phewa lakumanzere.

"Chabe. Ndipatseni mpeni."

Anadula batala pakati, namanganso. Ulendo uno anafika pa makumi awiri dzanja lisananjenjemere. Anakhala pampando, napumira m'mwamba, ine n'kutereka madzi a tiyi.

A Hirini akuyandikira zaka makumi asanu ndi awiri. Chisiyireni sukulu, ntchito yawo ndi imodzi: kupha mbuzi zam'tchire m'mapiri a kuseri kwa Raetihi, kutsikira ku mtsinje wa Whanganui. Mbuzizo zimadya kamtengo kalikonse kongophuka, nkhalango n'kutsala mitengo yokalamba yokhayokha, choncho eni mafamu ndi oyang'anira nkhalango amalemba anthu ngati iwo. Sanakwatirepo. Panali mayi wina wa ku Ohakune amene anawadikira zaka ziwiri, n'kutopa. Nyumba yawo ndi ya zipinda ziwiri, ndipo chipinda chabwinocho ndi cha majombo, zingwe ndi matumba a chakudya cha galu. Ndi munthu amene amadula chogwirira cha mswachi kuti chikwama chipepuke. Maondo amalira akamaimirira. Phewa linang'ambika minofu ataterereka pa dothi lotuwa la m'mapiri athu, ndipo silinabwerere.

M'masiku awo oyamba palibe ankatseka makutu powombera. Ankati wotseka makutu sangamve mbuzi ikulira kuseri kwa chitsamba. Onse a msinkhu wawo lero amayankhula ngati akuitana munthu wa tsidya lina.

Koma chimene chinawabweretsa kukhitchini kwanga si makutu awo. Galu wa ntchito imeneyi sathamangitsa nyama. Amayenda patsogolo pa mbuye wake mapazi asanu kapena khumi, akununkhiza mphepo, ndipo akamva fungo la mbuzi amaima chilili. Ndiye kuti mfuti imalirira pamwamba pa mutu wake, tsiku ndi tsiku, nthawi zina kakhumi motsatizana. Galu wawo wakale, Biddy, anagontha ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. A Hirini anachedwa kuzindikira, poti nawo samva. Tsiku lina Biddy anatsata mbuzi yovulala pa kanjira ka m'mphepete mwa phompho. Iwo ankaona kuti kutsogolo dothi lagumuka. Anaimba likhweru loti abwerere, anaimbanso, anakuwa mpaka mawu kusasa. Galu sanatembenuke. Anakam'tola pansi mawa lake, atazungulira maola asanu.

Zimenezi si iwo anandiuza, ndinamva kwa ena. Chimene ndinaona n'chakuti miyezi itatu sanakwere phiri, kenaka anabwera ndi kamwana kagalu m'thumba la jekete. Anakatcha Pango. Chaka chathunthu anakaphunzitsa kuyenda patsogolo, kuima, kukhala pansi, kubwerera ndi likhweru. Zonse anaphunzira, koma mfuti inali isanalirepo pamutu pake.

"Ndipo siidzalira popanda chitini," anatero a Hirini m'khitchini muja, akuviika sikono mu tiyi. Chitini ndi mmene alenje amatchulira chitsulo chija amapotera kunsonga kwa mfuti kuti chichepetse phokoso. "Koma mwaona nokha. Cholemera sindingachinyamule. Chikapanda kupezeka choti phewa ili livomere, galuyu ndim'pereka kwa mlenje wina wa ku Taihape. Wakhala akundipempha. Ine ndizikhala pakhonde kuwerenga magalimoto."

Ndinayang'ana pawindo. Pango anali atagona, chibwano chili pa jombo lawo.

"Lachisanu ndikupita kwa Clarrie kukasankha. Mundiperekeze, mlamu. Ndikufuna kubwereka makutu anu."

Ndinagwedeza mutu kuvomera, ngakhale mtima unali ukukana. Sindikonda kupita kwa anthu.

A Clarrie Boyd amakonza mfuti mu shedi ya malata kuseri kwa nyumba yawo, panjira yopita ku Pipiriki. Ndi bambo wamfupi, wamimba, wa nsidze ngati burashi. Anaphunzira kalasi imodzi ndi a Hirini, ndipo nawonso makutu anathera ku mfuti ndi ku makina.

"Taonani gonthi uja wafika!" anakuwa atationa. "Koma ndiye wakalamba, aise!"

"Eya, ndasamba. Iwe ndiye madzi sunawaone chaka chino."

"Ndati WAKALAMBA!"

"Ukukuwiranji? Ndine gonthi ine?"

A Clarrie anandipatsa moni mwaulemu, napukuta mpando ndi nsanza imene inali yakuda kuposa mpandowo. Pa tebulo anali atandandalika zitini. China anachichotsa yekha tisanachigwire, ati n'cha anthu owombera atagona pa mkeka. Zinatsala zitatu, ndipo a Hirini anatulutsa kasikelo kanga m'chikwama.

Choyamba chinali chachitsulo, chachitali ngati botolo. Muvi wa sikelo unapyola theka la kilo. A Hirini anangochikankhira pambali.

"Chimenecho ndiye chabata, nkhalamba iwe," anatero a Clarrie. "M'katimo muli tizipinda. Mpweya wa chipolopolo umazunguliramo n'kutuluka utatopa. Chitini chachikulu, tizipinda tambiri, phokoso lochepa. Palibe ufiti apa."

"Ndiye undipatsenso bulu wochinyamula."

Chachiwiri chinali cha aluminiyamu, magalamu 310. Chimenechi theka lake limabwerera m'mbuyo, kuvala mpope ngati mkono wa malaya, kotero kulemera sikukhala kunsonga kwenikweni. Koma a Clarrie anati kuti chikhale bwino m'manja, mpope uyenera kudulidwa utali wa chikhatho.

"Ukadule mwendo wako," anatero a Hirini.

Chachitatu kanali kakang'ono, kotuwa, ka titaniyamu, kosaposa kapu ya tiyi kutalika. Magalamu 190. A Hirini anakaika m'dzanja, nakaponya m'mwamba pang'ono, nakawakha. Nkhope yawo inamasuka mwa mtundu umene sindinauone chifereni Biddy.

"Aka," anatero. "Aka ndi kanga."

"Yamba wakamva," anatero a Clarrie. "Mkazi sakwatira poona chithunzi."

"Iwe unaona munthu weniweni, koma tonse tikudziwa mmene zinathera."

Kuseri kwa shedi kuli chigwa chaching'ono chothera pa chiunda cha dothi, ndipo ndi kumene a Clarrie amayesera mfuti. Anatenga mfuti yawo, yofanana zipolopolo ndi ya a Hirini, imene inali kale ndi mizere yopotera chitini. Anakhoma pepala pa bolodi. Anati chitini chilichonse chilire katatu, chifukwa kulira koyamba kumakhala kokwera kuposa kotsatira. Pango anam'mangirira pa chikhomo, patsogolo pang'ono koma chakumbali ndithu, kutali ndi njira ya chipolopolo. Ine anandiimika kumbuyo, chakumanja kwa a Hirini.

A Hirini anayamba ndi chachitsulo, atatsamiritsa mfuti pa thumba la mchenga. Chinalira ngati munthu wamenyetsa chitseko cha galimoto. Pango anatukula mutu, nayang'ana a Hirini, nagwedeza mchira.

Ine ndinkaganiza kuti azibambowo ayang'ana galu, poti ndicho tinabwerera. Ayi ndithu. Mfuti ikangolira, onse awiri maso anali pa pepala. A Clarrie anali ndi magalasi oonera patali, a Hirini akuwalanda.

"Chapita kumanzere."

"Ndiwe wakoka. Dzanja lako likunjenjemera ngati la chidakwa."

"Mfuti yakoyi ndiyo yokhota ngati mwini wake."

Ndi mmene alili anthu amenewa. Zaka makumi asanu diso lawo laphunzira kutsata chipolopolo, ndipo silidziwa kuyang'ana kwina. Anali ataiwaliratu kuti pali galu.

Cha aluminiyamu chinalira mokwererapo, mouma pang'ono. Pango anaphethira, khutu limodzi linagwedezeka, koma anakhalabe tsonga, lilime panja. Azibambo anakangana za mabowo atatu a pa pepala, ngati angakwane pansi pa chivundikiro cha botolo kapena ayi.

Kenaka anapotera kakang'ono kaja. A Hirini anakana thumba la mchenga, nawombera ataimirira, kuti amve mmene kakukhalira m'manja. Kulira kwake kunali kwakuthwa, kong'amba. M'khutu langa lakumanzere munatsala kulira ngati kwa udzudzu. Pango anadzigwetsa pansi, makutu atagona chammbuyo. Kachiwiri anakoka chingwe kufuna kubwerera. Kachitatu anapukusa mutu mwamphamvu, nakanda khutu ndi mwendo, nayang'ana uku ndi uku ngati wina wam'menya osaoneka.

A Hirini anatsegula mfuti, naiika pansi, natembenuka akumwetulira.

"Ngati palibe kanthu kunsongako! Ndingayende nako tsiku lonse. Ine ndamva chimodzimodzi zonse zitatu. Clarrie, iwe?"

"Kwa ine zonse zikungoti phu."

"Nanga inu, mlamu? N'chimodzimodzi, eti?"

Ndinadziwa yankho limene ankafuna. Ndinaganiza za munthu wokalamba atakhala pakhonde popanda galu, popanda phiri. Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti, "Ayi, alamu. Kakulira kwambiri."

Anaona milomo yanga ikugwedera ndi mutu wanga utawerama, ndipo anatenga ngati ndavomera, monga akhala akutengera zaka zonsezi.

"Wamva, Clarrie? Avomera. Kulunga kameneka."

A Clarrie anayamba kale kufunafuna nsanza yogwirira kachitini kotenthako. Ndinabwereza mawu anga, koma palibe anatembenuka. Pango anali akukandabe khutu. Sindikudziwa kumene mawuwo anachokera.

"NDATI AYI! KAKUM'PWETEKA GALU! TAMUYANG'ANENI!"

Mbalame zinauluka pa denga la shedi. A Clarrie anatsala kukamwa yasa, nsanza ili m'manja.

"Ha! Kodi mayiwa mawu ali nawo?"

Nkhope yanga inatentha, ndinafuna nthaka itandimeza. Koma a Hirini sanaseke. Anayang'ana galu nthawi yaitali. Kenaka anapita pa chikhomo paja, nagwada movutikira, bondo limodzi kenaka linalo, nagwira mutu wa Pango ndi manja awiri. Galu anawanyambita pachibwano.

"Chachiwiri chija?" anafunsa osandiyang'ana.

Ndinasendera pafupi ndi khutu lawo lakumanja. "Anangophethira."

"Choyamba?"

"Anagwedeza mchira."

Anadzuka pogwira chikhomo, nakakhala pa tayala lakale pafupi ndi khomo la shedi. Anatuma a Clarrie kuti awatengere mfuti yawo m'galimoto, naiika pamiyendo. Thabwa lake linayera pamene tsaya lawo lakhala likukhudza. Anayendetsa chala pa mpope kuyambira kunsonga, nayeza chikhatho chimodzi.

"Mfuti iyi ndinagula Tipene asanakuoneni, mlamu," anatero. "Sinandinamizepo. Ndikudziwa pamene chipolopolo chigwere ngakhale tsidya la chigwa."

"Tsidya la chigwa unasiya kuonako kalekale," anatero a Clarrie, koma mofatsa, osakuwa kwambiri. "Mbuzi zako umaziwombera pafupi, m'zitsamba. Chikhatho chimodzi sudzachisowa. Udzangoyambanso kuiphunzira, basi."

"Pa msinkhu uno."

"Nanga ukufuna pa msinkhu uti?"

"Ukaidula, n'kupezeka kuti phewa likukanabe?"

"Ndiye kuti tadula pachabe. Sindikunamiza, aise. Chobwezera palibe."

Mvula inayambanso kuwaza pa malata. Ine ndinamasula Pango, ndipo anapita kukakhala pakati pa miyendo yawo, pansi pa mfutiyo. A Hirini ankaoneka otopa kwambiri, kutopa kosati kwa tsiku limodzi. Pomaliza anainyamula ndi manja awiri napatsa a Clarrie.

"Dula. Koma ukalakwitsa mizere, ndidzakukwirira m'chiunda chakochi."

Sanafune kuonerera. Anatuluka ndi galu, nakaima pamsewu mvula ikuwanyowetsa, msana atalozetsa ku shedi. Sakanamva kanthu ngakhale akanaima pakhomo penipeni. Ine ndi amene ndinamva makina akudya chitsulo, ndi kachidutswa kakugwa pa simenti.

Papita miyezi isanu ndi iwiri tsopano. Mlenje wa ku Taihape anauzidwa kuti afune galu kwina. A Hirini anatha masabata awiri akuwombera mapepala kwa a Clarrie mpaka anaizolowera mfuti yawo yaifupi. Phewa silinavomere kwenikweni, linangolekerera. Mapiri aatali aja, oyenda masiku atatu ndi chikwama kumsana, anawasiyira ena. Amagwira m'mafamu a m'munsi, kunyamuka m'mawa, kubwerako dzuwa lili pamutu. Mbuzi amapha zochepa kuposa kale, ndipo amadziwa, amanena okha. Akabwerako amapotola chitini n'kuchiumika pawindo kuti chinyontho chisadye mpope, kenaka amagona chagada pansi ola lathunthu, thumba la tirigu lotenthetsa lili paphewa.

Lachisanu lapitali anadutsa kwanga masana, atanditengera mwendo wa mbuzi yaing'ono. Anakwera masitepe atatu a pakhonde ngati akukwera phiri. Pango anali atatsikira kumunsi kwa dambo langa, kutali ndithu, akununkhiza m'mbali mwa mpanda. A Hirini anatsamira mzati, nakweza milomo kuti aimbe likhweru. Mpweya unali utawathera. Chimene chinatuluka ndi kamphepo chabe, kopyapyala, koti ine ndemwe ndili pambali pawo ndinachita kutchera khutu.

Kumunsi kuja galu anatukula mutu, natembenuka, n'kuyamba kuthamanga kubwera.

"Latuluka likhwerulo?" anandifunsa. "Ine sindilimvanso masiku ano."

Pango anali atafika kale pa masitepe. A Hirini anam'sisita m'makutu ndi dzanja lakumanja, lakumanzere lili lende.

"Zaka ziwiri mwina," anatero. "Kapena chimodzi. Phewali ndilo lidzanene."

Anakhala pa sitepe yapamwamba, natambasula miyendo, napempha madzi akumwa.